Mukufuna kuphunzitsa MMA ku Zomba? Yambani ndi kugwa

Sipatha miyezi iwiri osabwera wina, kawirikawiri mnyamata amene wachitako karate kapena nkhonya zaka zingapo, kudzandipeza titaweruka n'kunena kuti, "Kochi, ndikufuna nditsegule kagulu kanga ku Matawale, ndiyambire pati?" Amakhala atachezera kuonera ndewu za UFC, mpikisano waukulu wa MMA wa ku America, pafoni mpaka bandulo kutha, magazi akuwira. Sindimuseka, chifukwa inenso ndinayamba ndi phuma lomwelo, ndipo mwana wa eni anathyoka mkono ali m'manja mwanga. Zimene ndimamuuza ndi izi, mwa ndondomeko imene ndikanatsata ndikanati ndiyambirenso.

Choyamba, vomerani zimene simukuzidziwa

MMA ndi masewero osakaniza. Muli zomenyana choimirira, monga nkhonya, karate, taekwondo ndi Muay Thai ya ku Thailand imene imalola zigongono ndi maondo. Muli zogwirana n'kugwetsana, zochokera ku judo ndi wrestling. Ndiye muli zapansi, zopanana ndi kukanyangana, zimene zambiri zinachokera ku jiu-jitsu ya ku Brazil. Mpikisano woyamba wa UFC unachitika pa 12 Novembala 1993 mumzinda wa Denver ku America, ndipo anapambana ndi Royce Gracie, munthu wochepa thupi poyerekeza ndi anzake ambiri. Usiku umodzi anagonjetsa anthu atatu, onse atawafikitsa pansi n'kuwapana mpaka kugonja okha. Akatswiri a zibakera ndi mateche anaona tsiku limenelo kuti msana ukangogunda pansi, luso lawo limatsala m'mwamba.

Kwathu kuno ndi momwemonso. Manja tili nawo: Isaac Chilemba wa ku Blantyre anamenyana ndi Sergey Kovalev ku Russia mu 2016 polimbirana malamba a nkhonya a dziko lonse lapansi, ndipo ngakhale anagonja, anatha naye maraundi onse 12. Koma za pansi ambirife ndife makanda. Tengani pepala, lembani zigawo zitatuzo, pa chilichonse mulembe zaka zimene mwachiphunzira pamaso pa mphunzitsi, osati pa YouTube. Pamene patuluka ziro, pitani mukakhale wophunzira. Kuvala lamba woyera muli ndi wakuda wa karate kunyumba kumawawa, ndikudziwa, koma safunsa anadya phula. Ngati pali wina wodziwa judo, ngakhale akhale ku Blantyre wobwera kamodzi pamwezi, gawanani naye kalasi. Makanema a pa intaneti ndi othandiza kukumbutsa, koma sakuuzani kuti phazi mwaponda polakwika.

Ndipo musagawe malamba amene inu simunalandire. MMA payokha ilibe malamba a mitundu monga karate. Lamba wakuda wa jiu-jitsu ya ku Brazil amatenga zaka pafupifupi 10 kwa anthu ambiri, tsono amene wadzipatsa yekha pakatha chaka amaonekera tsiku loyamba lomwe wakumana ndi wodziwa.

Kachiwiri, konzani pansi musanaitane munthu

Apa ndi pamene ndinapalamula. Ndinachita lendi kaholo ka simenti, n'kuyala matiresi atatu opyapyala a pasukulu yogonera. Sabata yachiwiri yokha ndinaphunzitsa kuponya munthu kudzera pachiuno, poti ndi zimene anyamata amafuna kuona. Mnyamata wa Folomu 3 anaponyedwa, matiresi anatsetsereka, iye anatambasula dzanja kuti atsamire. Phokoso lake linali ngati la nzimbe. Tinamukweza pa kabaza ine ndikuthamanga pambali. Kuchipatala mayi ake sanakalipe. Anangondiyang'ana n'kunena kuti, "Aphunzitsi, ine mwanayu ndinakupatsani kuti aphunzire kudziteteza. Nanga kwa inuyo amuteteze ndani?" Ndinasowa pogwira.

Mphasa zenizeni za judo zimakhala zochindikala masentimita 4 kapena 5, ndipo ndi zodula. Ngati simungazikwanitse, khomani matabwa anayi ngati bokosi lalikulu pansi, mudzazemo mankhusu a mpunga kapena utuchi mpaka kuya kwake kufike chikhatho chotambasula. Mankhusu amapezeka m'zigayo zopuntha mpunga wa ku Chilwa, utuchi kwa ocheka matabwa, ndipo kuno ku Zomba sasowa. Sefani kaye, muchotse tizidutswa ta matabwa ndi misomali. Pondanipondani mpaka zitsendereke, yalani lona wolimba pamwamba, mumukoke kwambiri n'kumukhomera kunja kwa matabwawo kuti pasakhale khwinya lokola chala. M'mphepete mwa matabwa kutani ndi masiponji. Anthu awiri ogwetsana ndimawapatsa malo a mamita atatu mbali zonse. Malo akachepa, azilowa mosinthana. Nthawi ya dzinja muzifukula lona n'kuona ngati mwalowa chinyezi, chifukwa mvula ya pansi pa phiri pano imalowa ndi pakhoma pomwe.

Khoma limodzi mulitchinge ndi matiresi choimika. Ndewu zambiri za MMA zimachitikira mu mpanda wa waya, ndipo omenyana amakanikizana pamenepo kawirikawiri, choncho khomalo ndiye mpanda wanu.

Thumba lomenya musalidzaze mchenga wokhawokha. Umatsika n'kuuma pansi ngati mwala, munthu n'kuphwanya zala. Dzazani nsanza za pa kaunjika zodulidwadulidwa, kapena lumikizani matayala akale atatu ndi mabawuti n'kuwapachika. Magolovesi ang'onoang'ono otulutsa zala aja, a maaunsi 4, ndi a tsiku la mpikisano. Pophunzira kumenyana gwiritsani akuluakulu a nkhonya, a maaunsi 14 kapena 16. Kachipangizo koteteza mano aliyense akhale ndi kake: amakaviika m'madzi otentha, n'kukaluma kuti katenge maonekedwe a mano ake. Sikobwerekana.

Lona azikolopedwa ndi madzi a kolorini tsiku lililonse lophunzira. Nsapato zisaponde pamenepo, ndipo wopita kuchimbudzi avale patapata. Zikhadabo ziwengedwe. Wa chipere kapena mphere akhale pambali mpaka atachira, chifukwa m'masewero okhudzana khungu ndi khungu, mmodzi amapatsira gulu lonse sabata imodzi. Magazi akaoneka, zonse ziime, wotsuka bala avale magolovesi a kuchipatala.

Kachitatu, dziwikani

Pitani kwa amfumu a dera lanu, kupolisi ndi ku khonsolo, mukafotokoze chimene mukuchita anthu asanayambe kunena kuti mukusula zigawenga. Funsani ku Malawi National Council of Sports za kalembetsedwe ka kalabu. Kachiteni maphunziro a chithandizo choyamba, a Red Cross amaphunzitsa. Mwana wosakwana zaka 18 asayambe popanda kalata ya kholo, ndipo kholo libwere lidzaone ndi maso. Aliyense mumufunse za khunyu, mphumu, mtima ndi BP, n'kulemba m'kaundula pamodzi ndi nambala ya wachibale. Atsikana akabwera, pakhale munthu wamkulu wina m'chipindamo nthawi zonse, ndipo asankhe okha wogwirana naye.

Pali ena oyenera kuwabweza. Wobwera n'kunena kuti pali wina ku Chinamwali akufuna akamuonetse, muuzeni abwerenso mtima ukatsika. Nyengo ya kampeni kumabweranso a galimoto zakuda ofuna "anyamata amphamvu". Kanani, ngakhale atchule ndalama ya lendi ya chaka. Kumenya munthu kunja kwa bwalo ndi mlandu, ndipo apolisi akagwira wophunzira wanu, funso lachiwiri limakhala loti anaphunzira kwa yani.

Kachinayi, mwezi woyamba: kugwa, kudzuka, kugonja

Mwezi umenewu anyamata amanyinyirika, ena amasiya. Asiyeni apite.

Kugwa kumaphunziridwa. A judo amakutcha ukemi, ndipo m'masewero amene Jigoro Kano anayambitsa ku Tokyo mu 1882, wophunzira amayamba ndi kumeneko asanaponye munthu. Yambani onse atagona chagada. Chibwano chigunde pachifuwa, maso ayang'ane pamchombo, kuti nkhongo isamenye pansi. Manja onse awiri amenye lona ndi zikhatho, mikono itatambasuka chotsikira m'mbali mwa thupi, osati mopingasa ngati mtanda. Mpweya utuluke pomenyapo. Akazolowera, ayambire chokhala pansi n'kugubudukira kumbuyo, msana utapindika ngati uta. Kenako chonjuta. Choimirira ndi sabata yachitatu. Mukatero muwaphunzitse kugwera m'mbali, kumanja ndi kumanzere mofanana, kenako kugubuduka kutsogolo podutsira paphewa, mutu osagunda.

Chimene mukulimbana nacho ndi chibadwa. Munthu aliyense akamagwa amatambasula dzanja kuti atsamire, ndipo thupi lonse limatsikira pamfundo ya dzanja, pachigongono kapena paphewa. Kuchotsa chizolowezi chimenechi kumafuna kubwereza kambirimbiri, mpaka thupi lizichita lokha mutu usanaganize. Ine ndimayesa chonchi: wophunzira ataima pa lona tikucheza za mpira, ndimamukankha pang'ono pachifuwa. Chibwano chikatsika chokha, wakhoza. Dzanja likathamangira kumbuyo, abwerere chonjuta.

Kudzuka nakonso kuli ndi njira yake. Wodzuka chogwada nkhope ili kutsogolo amakumana ndi bondo. Akhale pansi, dzanja lamanja litsamire kumbuyo, phazi lamanzere liponde pansi bondo lili m'mwamba, dzanja lamanzere litchinge nkhope. Anyamule chiuno, akokere mwendo wamanja kumbuyo kudutsa pansi pa thupi mpaka uponde kuseri kwa dzanja lotsamira lija, ndiye aimirire akubwerera m'mbuyo, maso ali pa mnzake.

Tsono kugonja. Munthu akapanidwa pakhosi kapena mkono ukapindidwira kosayenera, amagogoda mnzakeyo ndi dzanja kawiri kapena katatu, chimene anyamata amangoti tap. Agogode pathupi pa mnzake kuti amve, osati pa lona pokha. Manja akatsekeredwa, amenye pansi ndi phazi kapena akuwe. Wopanayo asiye nthawi yomweyo, osadikira kuti atsimikize. Kupana kwa pakhosi kumatseka mitsempha ya m'mbali mwa khosi yopititsa magazi ku ubongo, ndipo munthu amakomoka m'masekondi ochepa, mwina 10 okha. Chigongono chimaguluka msanga kuposa pamenepo.

Vuto ndi loti tinakula tikuuzidwa kuti mwamuna salira. Mnyamata amalolera kukomoka kusiyana n'kuti agogode anzake akuona. Mankhwala ake ndi amodzi: gogodani inuyo poyamba. Ndimaitana wamng'ono kwambiri m'gulumo, ndimamuonetsa kagwiridwe, amandipana, ine n'kugogoda mokweza onse akuona, n'kudzuka ndikuseka. Kochi akagonja kwa mwana wa Folomu 1, manyazi amatha m'chipindamo.

Kachisanu, kayendetsedwe ka kalasi

Ola limodzi ndi theka ndi lokwanira. Mphindi 15 zoyamba ndi zotenthetsa thupi, ndipo kugwa kukhale momwemo tsiku lililonse, ngakhale kwa akale. Mphindi 20 zotsatira phunzitsani chinthu chimodzi chokha. Chionetseni katatu, mbali zosiyana, mawu ochepa. Kenako mphindi 20 azibwereza awiriawiri, poyamba mnzake osakana, kenako akukana pang'ono, kenako akukana ndithu. Zotsalazo ndi maraundi ndi kuongola thupi. Pokonza wolakwitsa, mutchulireni chinthu chimodzi. Mukamuuza zisanu, saagwirapo n'chimodzi chomwe. Ndodo ndi kutukwana zisiyeni, woopa mphunzitsi safunsa, ndipo wosafunsa ndi amene amavulaza mnzake.

Ine ndimagawa sabata motere: Lolemba zoimirira, Lachitatu zogwetsana, Lachisanu zapansi. Loweruka m'mamawa timathamanga msewu wokwera ku Chawe, tikupatukira a njinga otsika ndi nkhuni. Pobwerera timayenda, chifukwa kuthamanga chotsetsereka kumadya maondo.

Kugwetsana sikwachilendo kwa mwana wa kuno. Liwu loti ndale, limene lero timatchulira za zipani, ambirife tinalidziwira kudambo koweta mbuzi, mnzako akakutchera mwendo iwe n'kudya fumbi. Yambirani pamenepo. Chimene chimasowa ndi polumikizira, ndipo MMA yeniyeni ili m'malo olumikizirawo. Wankhonya amaima chammbali, kulemera kuli pamwendo wakutsogolo, ndiye mwendowo umadya mateche kapena kunyamulidwa. Wakarate amazolowera manja m'munsi. Onsewa muwaimike mwatsopano: mapazi motalikirana ngati mapewa, chifuwa choyang'anako kutsogolo, maondo opindika pang'ono, chibwano pansi. Aphunzire kuponya chibakera chakutsogolo n'kutsika nthawi yomweyo kukagwira miyendo yonse iwiri, akutsika ndi maondo msana uli chilili. Mnzakeyo aphunzire yankho lake, kuponya miyendo kumbuyo n'kugwetsera chiuno paphewa la wobwerayo.

Pansi, musayambe ndi zokanyanga. Yambani ndi kuthawa pamene wina wakukhalirani pamimba, poti m'pamene munthu amamenyedwa koopsa. Zigongono zikhale pafupi ndi nthiti, manja kunkhope. Kankhani chiuno m'mwamba mwadzidzidzi kuti iye agwere kutsogolo n'kutsamira manja pansi. Kolani mkono wake umodzi, muukumbatire pachifuwa panu. Phazi lanu la mbali yomweyo litseke phazi lake chakunja. Apo ali ngati tebulo lothyoka miyendo iwiri ya mbali imodzi. Nyamulani chiuno kwambiri, gubudukirani paphewa la mbali yotsekedwayo, mupezeka muli pamwamba. Mtsikana wa makilogalamu 50 akagubuduza mnyamata wa 70 koyamba, nkhope yake imakulipirani lendi ya mwezi umenewo.

Kachisanu n'chimodzi, sparring ichedwe

Ine sindilola munthu kuyamba sparring, kumenyana koyeserera ndi mnzake, miyezi itatu isanathe, ndipo akayamba ndi kamodzi pasabata, mopepuka, ndi wofanana naye kulemera. Ana asamenyane kumutu n'komwe. Inu muime pafupi, osati pakhomo ndi foni. Mukaona wina wapsa mtima, mapewa akwera, akuponya ndi mphamvu zonse, imitsani, akamwe madzi. Wodzikuza mumupatse wakale wodekha amene angamugwetse kasanu osamupweteka. Amabwerako atadziwa kuti mwamuna mnzako m'pachulu.

Malamulo awadziwe asanavale magolovesi. N'koletsedwa kutosa m'maso, kuluma, kugunda ndi mutu, kumenya kumaliseche, pakhosi, kunkhongo ndi pafupa la msana, kukoka tsitsi, kupinda zala chimodzichimodzi, kugwira waya wa mpanda, ndiponso kumenya mutu wa munthu amene ali pansi ndi theche kapena bondo.

Za mutu ndiye musachite nazo chibwana. Munthu akamenyedwa n'kuyamba chizungulire, kupepesuka, kuona zinthu ziwiriziwiri, kapena kufunsa funso lomwelo kawiri, ubongo wagwedezeka, ngakhale sanakomoke. Tsiku limenelo zake zatha, olo achonderere bwanji. Asapite yekha kunyumba, ndipo akwawo auzidwe. Akakomoka, akamasanza, mutu ukamawawirawawira, akamasokonezeka kapena kuwodzera modabwitsa, thamangani naye kuchipatala. Abwerere pokhapokha zizindikiro zonse zitatha ndipo achipatala avomereza, ayambire zopepuka zosagundana. Kumenyedwanso mutu usanachire ndi kumene kumapha kapena kupundula.

Kachisanu n'chiwiri, mpikisano

Akatswiri olipidwa amamenyana maraundi atatu a mphindi 5, kupuma mphindi imodzi pakati, ndipo polimbirana lamba amakhala asanu. Osalipidwa, motsatira bungwe la IMMAF limene linakhazikitsidwa mu 2012, amamenya maraundi atatu a mphindi 3. Wanu ayambire kumeneko. Magulu a kulemera amayenda motere: flyweight mpaka makilogalamu 56.7, bantamweight 61.2, featherweight 65.8, lightweight 70.3, welterweight 77.1, middleweight 83.9, kupita m'mwamba. Gulani sikelo, muzimuyeza sabata iliyonse, amenye pagulu loyandikana ndi kulemera kwake kwa masiku onse. Zovala mapulasitiki n'kumathamanga dzuwa la Okutobala, osamwa madzi masiku awiri kuti sikelo itsike, zimawononga impso ndipo munthu amalowa m'bwalo ali wofooka kale. Chakudya chake sichachilendo: nsima ya mgaiwa, nyemba, matemba, mazira, chiponde, nthochi, masamba, ndi madzi ambiri.

Wokonza mpikisano akakuitanani, mufunseni zinthu zinayi musanavomere. Kodi padzakhala dokotala ndi galimoto yothamangira kuchipatala? Woyimbira ndani, ndipo anayimbirapo MMA? Kodi omenyana ayezedwa magazi? Nanga mdaniyo wamenyapo kangati? Akamazungulira poyankha, khalani kunyumba. Tsiku la ndewu thaulo likhale m'manja mwanu, ndipo musaope kuliponya m'bwalo kuti ndewu iime. Mnyamata adzakukwiyirani sabata imodzi.

Anyamata adzakufunsani za Francis Ngannou, amene ankakumba mchenga ku Batié m'dziko la Cameroon ali mwana n'kudzatenga lamba wa heavyweight wa UFC mu 2021, kapena za Dricus du Plessis wa ku South Africa amene anadzera m'mipikisano ya EFC ya ku Johannesburg n'kutenga wa middleweight mu 2024. Auzeni kuti n'zoona, njirayo ilipo. Auzeninso kuti odya za MMA ndi ochepa kwambiri, ndipo amene wajomba kusukulu kuti abwere kujimu mumubweze pakhomo.

Chotsiriza, za m'thumba ndi wokuthandizani

Ntchito imene muli nayo musaisiye. Ophunzira a ku Chanco amadzaza chipinda, koma sukulu ikatsekera Chikanda imachita zii, inu n'kutsala ndi anthu anayi. Miyezi ya Januwale ndi Febuluwale anthu ndalama alibe. Kulipiritsa pamwezi, kumayambiriro, kumaposa kulipiritsa patsiku, ndipo zonse zilembedwe. Amene alibe koma ndi wakhama, akolope lona ndi kutunga madzi, asaphunzire mwaulere chifukwa chaulere sachisamala. Chimene chimalipira lendi kawirikawiri si omenyana ayi, koma kalasi ya 5 koloko m'mawa ya amayi ndi abambo a m'maofesi ofuna kuchepetsa mimba. Amenewo muwapatse thumba, chingwe chodumpha ndi thukuta, osawagwetsa.

Pakatha zaka ziwiri mudzafuna wothandiza, poti tsiku lina mudzadwala malungo kapena kupita kumaliro kumudzi. Musasankhe womenya kwambiri. Kawirikawiri ameneyo sadziwa chifukwa chimene ena zikuwavutira. Yang'anani amene amafika msanga, amene atsopano amakonda kugwirana naye, amene amasiya mnzake asanamalize kugogoda. Mupatseni munthu watsopano mmodzi Lolemba, inu mukhale pabenchi ngati mukulemba m'kaundula, khutu lili komweko. Wanga woyamba ndinamuyesa choncho. Watsopanoyo anali wakabaza wa ku Mpondabwino, wamapewa ngati chitseko, ndipo anafika akufunsa za magolovesi. Ndinamva wothandiza uja akuti, "Achimwene, magolovesi ali m'thumbamo, sathawa. Tavulani nsapatozo mugone chagada apa. Chibwano pachifuwa. Ayi, osayang'ana ine, yang'anani pamchombo panupo."